Katswiri wobwera chimanjamanja: kodi enterprise architecture n'chiyani pa ntchito yosamalira okalamba?

Nkhaniyi inabuka pa msonkhano wa komiti ya bungwe lina la mpingo kuno ku Chipata. Bungweli limasunga okalamba ochepa pamalo pake, ndipo ena ambiri limawayendera m'makomo mwawo m'midzi yozungulira. Amene amalithandiza ndi ndalama anali atalemba kalata yonena kuti ndalama zogulira makompyuta sizituluka kufikira bungwelo litapeza katswiri woliunikira pa zinthu ziwiri, technology strategy ndi enterprise architecture. Mlembi atamaliza kuwerenga, m'chipindamo munangoti zii. Kenaka amayi ena achikulire, amene akhala akusambitsa ndi kudyetsa agogo kwa zaka zambiri, anakweza dzanja.

"Abambo a wapampando, munthu ameneyu abwera ndi makompyuta angati?"

Atauzidwa kuti sabwera ndi ngakhale imodzi, kuti chimene adzasiye ndi mapepala, anagwedeza mutu. "Nanga timulipira chiyani? Ndalamazo si bwenzi tagula matewera ndi ufa?"

Funso la amayiwa si lachibwana, ndipo tibwereranso kwa ilo. Koma munthu sangayeze ngati katundu wadula asanadziwe kuti akugula chiyani.

Mawu awiriwa m'chinenero chathu

Technology strategy ndi chisankho cha bungwe pa nkhani ya zipangizo zamakono: tikufuna tikhale pati zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi, tiyambe ndi chiyani, ndipo n'ziti zimene tizisiye dala. Mbali yomalizayi ndi imene ambiri amaiwala. Mlimi wa ku Chipangali amene ali ndi matumba anayi okha a feteleza sawaza munda wonse pang'onopang'ono. Amasankha chigawo chimene chidzadyetse banja, china n'kuchisiya. Strategy yopanda mawu oti "ichi chaka chino ayi" ndi mndandanda chabe wa zofuna za mtima.

Enterprise architecture ndi yovutirapo. Enterprise ndi bungwe lonse lathunthu, kuyambira pageti mpaka kuofesi ya msungichuma. Architecture ndi luso lojambula mapulani a nyumba. Mawu awiriwa akaphatikizidwa amatanthauza mapu a bungwe lonse, oonetsa ntchito zimene zimachitika, uthenga umene ntchitozo zimafuna, mapulogalamu osunga uthengawo, ndi makina amene mapulogalamuwo amakhalamo.

Chifanizo chabwino si nyumba imodzi koma komboni. Tonse tikudziwa makomboni amene anakula opanda pulani. Aliyense anamanga nyumba yake mwaluso ndithu, njerwa zootcha, malata atsopano. Koma ambulansi singalowe chifukwa njira inathera pa mpanda wa munthu, madzi otsika m'phiri nthawi ya dzinja alibe ngalande, ndipo chimbudzi cha uyu chayang'anizana ndi chitsime cha uyo. Palibe nyumba yolakwika payokha. Chalakwika ndi mmene nyumbazo zakhalirana. Makompyuta m'mabungwe amakula chimodzimodzi: msungichuma anagula pulogalamu yake, anamwino anapatsidwa tabuleti ndi projekiti ina imene inatha, mlembi ali ndi Excel yake, ndipo palibe chimene chimalankhula ndi chinzake.

Luso limeneli lili ndi mbiri yake. John Zachman, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya IBM, anafalitsa mu 1987 njira yoikira m'magulu zonse zofunika kudziwa pa makina a bungwe, pofunsa mafunso monga chiyani, motani ndi kuti. Mu 1995 kunatuluka ndondomeko yotchedwa TOGAF, imene imasamalidwa ndi bungwe la The Open Group, ndipo akatswiri ambiri amene mungakumane nawo lero anaphunzira imeneyi. Mukaona dzinali pa mapepala a munthu wofuna ntchito, musachite nalo mantha. Ndi buku la malangizo a kajambulidwe ka mapu basi.

Agogo amodzi, mabuku asanu ndi awiri

Kuti tione chifukwa chake mapu oterewa amafunika pa ntchito ya okalamba, tiyerekeze agogo aakazi a zaka 82 ochokera ku Chadiza, odwala BP ndi shuga, ndipo ayamba kuiwalaiwala. Tsiku limene anafika, dzina lawo linalembedwa m'kaundula wolandirira anthu. Ali ndi kabuku ka kuchipatala. Ali m'buku la mankhwala limene anamwino amasunga. Ali m'buku la malipoti a usiku. Kukhitchini ali pa pepala lomatidwa kukhoma. Msungichuma ali nawo mu Excel chifukwa mwana wawo wa ku Lusaka amatumiza kangachepe pa mobile money. Ndipo nambala ya mdzukulu woti aimbiridwe zikavuta ili mu foni ya mlembi yekha.

Malo asanu ndi awiri, munthu mmodzi. M'buku lina dzina lalembedwa ndi la mwamuna wawo, m'lina ndi mfunda wawo, m'lina ndi dzina la ubatizo. Pa reji pali chaka china, eni ake amangokumbukira kuti anabadwa nkhondo ya Hitler ili mkati.

Tsopano Lachinayi agogo apita ku Chipata Central Hospital, ndipo dokotala wasintha mankhwala a BP. Walemba bwinobwino m'kabuku. Kabukuko kabwera m'chikwama cha wodzipereka amene anawaperekeza, iyeyo n'kupita nako kwawo chifukwa kunja kwada. Wa shifiti ya usiku atsegula buku la mankhwala, apeza malangizo akale, n'kupereka mapiritsi akale pamodzi ndi atsopano amene awapeza pa tebulo. M'mawa agogo akudzuka achita chizungulire, agwa pokwera khonde. Ndani walakwa? Dokotala analemba. Woperekeza anaperekeza. Wa usiku anatsata buku. Aliyense wagwira ntchito yake mokhulupirika, koma uthenga unasowa njira yoyendamo.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa ntchito ya okalamba ndi chipatala wamba. Wodwala malungo amabwera, amachira, amapita. Wokalamba amakhala zaka, ali ndi matenda awiri kapena atatu nthawi imodzi, amamwa mankhwala ambiri, amadutsa m'manja mwa anthu ochuluka, ndipo nthawi zina sangathe kudzifotokozera yekha. Zimene zimapulumutsa moyo wake ndi zing'onozing'ono zimene zimaoneka pokhapokha wina akazilumikiza: wachepetsa kudya kwa masiku anayi, sikelo yatsika, sanatembenuzidwe usiku ndipo pamsana payamba kufiira. Chilonda cha pogona chimayamba mwakachetechete chotere. Chilichonse mwa izi chinalembedwa penapake, koma m'mabuku osiyana.

Wina anganene kuti ndiye tigule pulogalamu imodzi yabwino, nkhani ithe. Mwina. Koma mukagula musanagwirizane kuti buku lenileni la mankhwala ndi liti, ndani ali ndi mphamvu yolisintha, ndipo kusinthako kufike kwa yani pasanathe maola angati, mwangowonjezera buku lachisanu ndi chitatu. Kumeneko n'kugula mbereko mwana asanabadwe.

Magawo anayi a mapu

Akatswiri amagawa mapuwa panayi, ndipo dongosolo lake lili ndi tanthauzo: amayambira pa anthu, makina amabwera pomaliza.

Gawo loyamba ndi ntchito. Kodi bungweli limachita chiyani kwenikweni? Kulandira wokalamba, kumuyeza kuti tidziwe chisamaliro chimene akufuna, kumupatsa mankhwala, kuphika, kuyendera a kumudzi, kugawa mashifiti, kulipira antchito, kupereka malipoti kwa othandiza, ndiponso, pakuti imeneyinso ndi ntchito, kudziwitsa abale ndi kukonza zonse munthu akatisiya. Pa ntchito iliyonse amafunsa kuti amayambitsa ndani, amamaliza ndani, imaima pati.

Gawo lachiwiri ndi data. Kuno tikati data timaganiza za mabandulo a mu foni, koma pano mawuwa akutanthauza uthenga wonse wosungidwa: mayina, zaka, matenda, mankhwala, ndalama. Ili ndiye gawo lolemera kuposa onse, chifukwa makompyuta amakalamba n'kutayidwa pakapita zaka zochepa, pamene mbiri ya agogo iyenera kukhalapo nthawi yonse imene ali m'manja mwathu. Lamulo lalikulu apa n'lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi kwawo kumodzi. Mankhwala a agogo alembedwe malo amodzi, ena onse azikaona kumeneko m'malo mokopera. Ndipo munthu aliyense akhale ndi nambala imodzi yomuzindikirira. Nambala ya reji ingathandize, koma okalamba ena reji inapsa ndi nyumba kapena inatayika kalekale, choncho bungwe limafunika nambala yakeyake imene imaperekedwa tsiku loyamba, ya reji n'kudzawonjezeredwa ikapezeka.

Gawo lachitatu ndi mapulogalamu: ya chisamaliro, ya ndalama, ya malipiro a antchito, ya katundu wa m'sitoo. Funso si loti yabwino kwambiri ndi iti, koma kuti iliyonse ikugwira ntchito iti ya m'gawo loyamba, ndipo kodi ingatumize uthenga kwa inzake popanda munthu kulembanso pamanja. Mwachitsanzo, ndandanda ya mashifiti ikamalankhulana ndi pulogalamu ya malipiro, msungichuma savutikanso kumapeto kwa mwezi powerengera msonkho wa PAYE wa ZRA, 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA ndi 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA zimene zimadulidwa kwa wantchito, pamodzi ndi gawo lofanana nalo la NAPSA ndi NHIMA limene bungwe limawonjezera.

Gawo lachinayi ndi zipangizo: mafoni, matabuleti, makompyuta, netiweki, magetsi. Ili ndi limene anthu amaliona ndi maso, ndipo n'chifukwa chake misonkhano yambiri imayambira pano.

Katswiriyo amatani akafika

Wabwino amayamba ndi kuyenda ndi kumvetsera. Amakhala nawo pa nthawi yosiyirana ntchito m'mawa, amagona usiku umodzi kuti aone mmene shifiti ya usiku imayendera, amakwera njinga kapena honda kupita ndi woyendera okalamba kumudzi, amatsegula mabuku onse asanu ndi awiri aja. Amafunsa wophika, mlonda ndi wochapa, osati abwana okha. Zimene wapeza amazijambula monga zilili, osakometsera. Nthawi zambiri apa ndi pamene komiti imadzidzimuka, chifukwa koyamba imaona kuti lipoti limodzi limalembedwa katatu, kapena kuti pasiwedi ya imelo ya bungwe ikudziwika ndi mnyamata amene anasiya ntchito chaka chatha.

Kenaka, pamodzi ndi eni bungwe, amajambula mmene zinthu ziyenera kudzakhalira. Kusiyana kwa mapu awiriwa ndiye ntchito imene ilipo, ndipo amaiika m'masitepe: miyezi itatu yoyamba, chaka choyamba, chaka chachitatu, chilichonse ndi mtengo wake. Sizachilendo kuti masitepe oyamba asakhale ndi kompyuta n'komwe. Akhoza kukhala oti pakhale fomu imodzi yolandirira wokalamba, nambala imodzi, ndi lamulo loti kabuku ka kuchipatala sikagona kunja kwa geti.

Pomaliza amasiya mfundo zochepa zoti komiti izitsata pogula chilichonse m'tsogolo, iye atapita. Zimakhala zonga izi: sitigula pulogalamu imene singagwire ntchito netiweki ikapita, sitigula imene singatibwezere data yathu tikafuna kuchoka, uthenga ulembedwe kamodzi, pomwe ntchito yachitikira.

Pali chinthu chimodzi choyenera kufunsa msanga. Mlangizi wa zaulimi amene alinso ndi shopu ya mbewu, malangizo ake amathera pa shelufu yake. Katswiri wa makompyuta amene amagulitsanso pulogalamu kapena amalandira kenakake kwa ogulitsa sindiye kuti ndi wakuba, koma komiti iyenera kudziwa zimenezi asanayambe, ndipo zilembedwe. Komanso kuno ku Zambia, lamulo la mu 2018 linakhazikitsa kuti ogwira ntchito za makompyuta azilembetsa ku bungwe lawo la ICTAZ, choncho kupempha kuona satifiketi si mwano.

Malaiti akapita

Mapu ojambulidwa ku mizinda monga London amatenga magetsi ndi intaneti ngati mpweya, zinthu zongopezeka. Ife chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zina. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo nsanja zina za mafoni zinkafooka nawo limodzi. Bungwe limene linali litataya mabuku onse n'kudalira intaneti yokha likanapezeka usiku lilibe podziwira kuti agogo amwe chiyani.

N'chifukwa chake mapu a kuno ayenera kuyankha funso loti zonse zikazima, wa usiku agwira chiyani m'manja. Mayankho alipo angapo. Pali mapulogalamu amene amasunga zolembedwa mu foni momwemo, n'kudzazitumiza netiweki ikabwera. Amenewa ndi ofunika kwambiri kwa woyendera midzi ya ku Vubwi kapena kuchigwa ku Mambwe. Pali kusindikiza ndandanda ya mankhwala pa pepala madzulo aliwonse. Pali sola ndi mabatire, koma aponso pamafunika chisankho: batire likatsala pang'ono, liyendetse firiji ya insulini kapena rauta ya intaneti? Zoterezi zimagwirizanidwa masana, osati pakati pa usiku.

Pali nkhani ya cloud, kutanthauza kusunga data pa makompyuta akuluakulu a kampani ina kutali, inu n'kumaifikira pa intaneti. Ubwino wake ndi woti mbala ikaba laputopu kapena mphezi ikaotcha ofesi, mbiri ya okalamba sipita nazo. Kuipa kwake ndi bilu ya mwezi ndi mwezi ndi kudalira netiweki. Seva ya muofesi, imene ndi kompyuta yosungira zonse pamalo pomwepo, imagwira ntchito popanda intaneti, koma imafuna woisamalira, magetsi osadukiza ndi kope lina losungidwa kwina. Starlink, intaneti yodzera pa satelaiti, inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo yathandiza malo akutali, komabe nayonso imadya magetsi ndi ndalama. Palibe yankho limodzi la aliyense. Malo a m'tawuni ndi malo a ku Lumezi sangasankhe mofanana.

Chinsinsi cha agogo

Gawo ili ndikufuna ndichedwepo, chifukwa kwathu kuno lili ndi mano. Wokalamba wodwala matenda oiwalaiwala akhoza kudzuka usiku n'kuyamba kuyenda, kupezeka pakhomo pa eni atavula, kapena kulankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale. Kwa anamwino zimenezi ndi zizindikiro za matenda a ubongo, ndipo ayenera kuzilemba. Koma mawu omwewo akatuluka n'kufika kumudzi, amasanduka umboni wa ufiti. Tamvapo za okalamba othamangitsidwa, omenyedwa, ngakhale kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere. Lipoti la usiku lojambulidwa pa foni n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la anthu makumi atatu, mmene mulinso ena amene anasiya ntchito, likhoza kuika moyo wa munthu pachiswe.

Lamulo likunenapo. Data Protection Act ya 2021 imaika za umoyo wa munthu, wa m'thupi ndi wa m'maganizo, m'gulu la uthenga wofunika kutetezedwa mwapadera. Imafuna kuti amene amasunga uthenga wa anthu alembetse ku ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo uthenga ukabedwa kapena kutuluka mosayenera, ofesiyo idziwitsidwe pasanathe maola 24. Imanenanso kuti uthenga wa gulu lapaderali usungidwe pa seva ya m'dziko la Zambia. Mfundo yomalizayi imakhudza mwachindunji nkhani ya cloud ija, chifukwa mapulogalamu ambiri okongola a chisamaliro cha okalamba amasunga zinthu kunja kwa dziko. Wogulitsa akamaonetsa pulogalamu yake pa sikirini, funso loti "seva yanu ili kuti" lifunsidwe asanatseke laputopu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa mapu, chinsinsi chimasanduka funso losavuta: ndani aone chiyani? Wophika adziwe kuti agogo asadye mchere wambiri ndi shuga, koma alibe chifukwa chodziwira kuti amamwa ma ARV. Msungichuma aone ndalama, osati malipoti a usiku. Aliyense alowe ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, kuti pakasinthidwa kanthu pazidziwika amene wasintha. Wantchito akachoka, khomo lake litsekedwe tsiku lomwelo. Palinso funso lovuta la abale. Mwana wa ku Lusaka amene amatumiza ndalama amafuna kudziwa zonse, mlongo wa kumudzi nayenso akuti ndiye mwini mbumba. Agogo akadali ndi nzeru zawo, iwo ndi amene anene woti auzidwe, ndipo zilembedwe nthawi ikadalipo.

Bungwe silili lokha

Mapu sathera pa mpanda. Unduna wa zaumoyo uli ndi SmartCare, njira yosungira mbiri ya odwala pa kompyuta m'zipatala, ndipo ziwerengero za zaumoyo zimasonkhanitsidwa mu DHIS2, pulogalamu imene inachokera ku yunivesite ya Oslo. A Social Welfare ali ndi ZISPIS, imene imathandiza kuyendetsa malipiro a Social Cash Transfer. Chigawo chathu cha Kum'mawa chili ndi mbiri pa nkhaniyi, pakuti mu 2007 madera ena a boma la Katete ndi amene anayeserapo kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo. Palinso NHIMA, ndi zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete ndi Mwami, kumene okalamba ambiri a kuno amagonekedwa.

Bungwe laling'ono silingayembekezere kuti lilumikizidwa ku makina a bomawa mawa, pakuti zimenezo zimafuna chilolezo ndi mgwirizano ndi eni ake. Chimene lingachite ndi kusunga uthenga wake m'njira yoti tsiku limenelo likadzafika, lisadzayambirenso. Pali chinenero chogwirizana chimene mapulogalamu a zaumoyo amatumizirana nacho uthenga, chotchedwa FHIR, ndipo pulogalamu yochidziwa ili ngati pulagi yolowa m'soketi iliyonse. Pakadali pano, ngakhale pepala limodzi losindikizidwa bwino, lokhala ndi matenda, mankhwala ndi zimene thupi la agogo limakana, loperekedwa kwa dokotala pofika, ndi kulumikizana kale.

Zimene zinachitika kwina

Mayiko olemera anadutsamo, ndipo akutipatsa maphunziro a mbali ziwiri. Ku Australia, boma linakhazikitsa mu 2018 komishoni yofufuza za chisamaliro cha okalamba. Lipoti lake lomaliza la mu 2021 linali ndi malangizo 148, ndipo limodzi linali loti malo aliwonse osamalira okalamba akhale ndi njira ya pa kompyuta yoyendetsera chisamaliro ndi mankhwala, yotha kulankhulana ndi kaundula wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa My Health Record. 

Ku England nkhani inapita kwina. Mu 2002 boma linayamba ntchito yaikulu yoika zipatala zonse pa makina ogwirizana. Mu 2011 linalengeza kuti likuithetsa, ndipo mtengo wake unayerekezedwa kufika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Mapulani analipo, akatswiri analipo ochuluka. Chimodzi mwa zimene ofufuza anadandaula nacho n'chakuti zinthu zinakonzedwa kumwamba, madokotala ndi anamwino ogwiritsa ntchito osafunsidwa mokwanira. Choncho kukhala ndi mapu sikutanthauza kuti mwafika.

Tibwerere ku funso la amayi aja

Amene amakayikira ali ndi mfundo zolimba. Kuno okalamba ambiri amasamalidwa ndi mabanja awo, ndipo nyumba zosungira okalamba n'zochepa. Za boma zodziwika ndi monga Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira. Bungwe la okalamba makumi awiri si banki. Malipiro a katswiri a masabata ochepa akhoza kufanana ndi chakudya cha miyezi ingapo. Lipoti lonenepa la m'Chingerezi chozama likhoza kukagona mu kabati mpaka chiswe chitalipeza. Ndipo mphindi iliyonse imene wosamalira akudinadina pa tabuleti ndi mphindi imene sakugwira dzanja la agogo.

Amene amavomereza nawonso ali ndi zawo. Ndalama zotayika pa matabuleti ogona m'makatoni, pa pulogalamu imene laisensi yake inatha projekiti itatha, pa masiku amene mlembi amathera kukopera ziwerengero za lipoti la othandiza, sizioneka pa risiti imodzi koma zilipo. Mtengo wa kompyuta suthera m'shopu. Walira mvula walira matope: pali mabandulo, laisensi ya chaka ndi chaka imene nthawi zambiri imalipidwa m'madola pamene kwacha ikusinthasintha, mabatire ofuna kusinthidwa, kuphunzitsa wantchito aliyense watsopano, ndi wokonza zikawonongeka. Munthu woika zonsezi pa pepala limodzi musanasaine akhoza kukupulumutsani ku ngongole ya zaka.

Mmene ndikuonera ine, mkangano weniweni suli pakati pa kukhala ndi mapu ndi kusakhala nawo, koma pa kukula kwake. Bungwe la malo amodzi lingathe kumaliza ntchitoyi m'masabata ochepa, n'kutsala ndi masamba osapitirira khumi amene wapampando angawerenge n'kufotokozera ena m'Chichewa. Mabungwe angapo a mipingo akhozanso kugawana katswiri mmodzi, popeza mavuto awo amafanana. Bungwe la nthambi ku Petauke, Katete ndi Lundazi, lokhala ndi odzipereka mazana, limafuna ntchito yozama kuposa pamenepo.

Komiti ija sinagamule tsiku limenelo. Inagwirizana zolembera othandizawo kuti ikufuna zinthu zitatu zilowe mu kontrakiti ya katswiri aliyense amene angabwere: agone usiku umodzi pa shifiti asanalembe kanthu, aonetse mtengo wonse wa zaka zitatu m'makwacha osati wa tsiku logula lokha, ndipo asiye munthu mmodzi wa m'bungwemo ataphunzitsidwa kusunga mapuwo ndi kuwasintha. Amayi aja anawonjezera chachinayi, ndipo mlembi anachilemba monga ananenera: pulogalamu iliyonse isanagulidwe, aiyese iwowo kaye ndi manja onyowa, atangomaliza kusambitsa agogo, malaiti atapita.